Bauti ya 10 imene inaduka pa Sienta

Thwa

Toyota Sienta ina inabwera pagalaja kachitatu m'mwezi umodzi ndi dandaulo lomwelo: ikaima pa maroboti fungo la oilo wopserera likulowa m'kati, ndipo kumbuyo kwa injini kwanyowa. Ndi ya taxi, yoyamba ntchito mbandakucha n'kuweruka usiku. Gasiketi ya top cover, labala wotseka oilo pa chivundikiro cha pamwamba pa injini, inali itasinthidwa pagalaja pomwepo milungu itatu m'mbuyomo. Ulendo wachiwiri anangowonjezera kumanga mabauti. Ulendo wachitatu uwu dalaivala anafika atakwiya kale.

"Madala, tangoimangani ithine, ndikuchedwa ine. Makasitomala akudandaula fungo."

Makaniko wamkulu anali kunsi kwa galimoto ina, ndiye anangokuwira mnyamata wake kuti aione. Mnyamatayo anatola soketi ya 10 n'kuiika pa ratchet yaikulu ija yomasulira mashoko. Bauti yoyamba inazungulira pang'ono. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, ya pakona chakumbali ya tcheni cha timing, inayamba ndi kulimba, kenako inafewa mwadzidzidzi ngati ikuzungulira m'phala. Mnyamata uja anaona ngati sinagwirebe, nawonjezera. Thwa! Mutu wa bauti unatsalira m'soketi.

"Madala, yaduka yokha."

Madala aja anatuluka kunsi kuja, n'kuyang'ana ratchet, n'kuyang'ana mnyamata, osayankhula. Ntchito ya ola limodzi inali itasanduka ya tsiku ndi theka.

Kufewa kuja, bauti isanaduke, ndi komwe ndikufuna tikambirane. Chitsulo chikafika pamenepo ndiye kuti chatanuka kupitirira pomwe chingabwerere. Dzanja limamva ngati bauti yamasuka, pomwe kwenikweni yatsala pang'ono kutha.

Chotseka oilo ndi labala

Injini ya Sienta zakalezi ndi 1NZ-FE ya malita 1.5, yomweyo timaipeza mu Probox, Corolla ya NZE121, Fielder, Ist, Raum ndi Allion zina. Mng'ono wake ndi 2NZ-FE ya 1.3. Top cover ndi ya aluminiyamu, hedi nayonso ya aluminiyamu, koma mabauti ndi achitsulo, a M6 (onenepa mamilimita 6), mutu wake wa soketi ya 10. Chivundikirochi chimagwidwa ndi mabauti 9 ndi manati 2, kuphatikiza mawashala awiri a labala pa mabauti olowera pakati.

Kunsi kwa top cover kulibe presha yoopsa ngati ya pa gasiketi ya hedi. Oilo amangothovukira pamenepo kuchokera ku makamshafti, n'kutsetsereka kubwerera ku sampu. Ntchito ya gasiketi ndi kutseka mpata basi, ndipo labala amatseka akapanikizika pang'ono, mofanana kuzungulira konse. Mabauti angobwera kudzagwira chivundikiro kuti labalayo akhale wopanikizika choncho.

Chivundikiro chikakhala pansi, kuzunguliza kulikonse kowonjezera sikupitanso ku gasiketi. Kumapita kwina. Mwina bauti itanuka mpaka kuduka. Mwina mazinga a m'hedi azuka, chifukwa chitsulo chikalimbana ndi aluminiyamu wogonja ndi aluminiyamu. Mwina khutu la chivundikiro lisweka, kapena chivundikiro chipindika n'kutukuka pakati pa mabauti awiri, pomwe oilo adutse bwinobwino. Mawashala a labala aja nawo amaphwanyika n'kuyamba kuchucha okha.

Chizolowezi chowonjezera kumanga chili ndi kochokera. Pa Land Rover zakale ndi ma Datsun 1200 gasiketi inali ya cork, yomwe imaphwa ikakhalitsa, ndiye kuwonjezera pang'ono kunkathandizadi. Amene anaphunzira ntchito pa injini zimenezo sankalakwitsa. Koma gasiketi ya labala yokhala m'kangalande ikayamba kudontha, ndiye kuti yauma, yang'ambika kapena yachoka m'malo mwake. Zitatu zonsezi sipanala singazichize.

10 N·m m'dzanja

Buku la Toyota limati mabauti ndi manati a top cover ya 1NZ-FE amangidwe pa 10 N·m (N·m ndi muyezo wa mphamvu yomangira bauti). Kuti muone kuchepa kwake: manati a matayala a galimoto zomwezi amamangidwa pa 103 N·m, kuposa kakhumi. Pa ratchet yotalika masentimita 20, 10 N·m ndi kukoka kwa makilogalamu 5 kunsonga, kulemera kwa kachigubu ka malita asanu ka madzi. Zala zitatu zimakwanitsa. Pa ratchet yaikulu ya masentimita 40 ndi makilogalamu awiri ndi theka okha, ndipo munthu wozolowera kumasula mashoko sangamve n'komwe kuti wadutsa kale.

Torque wrench ndi sipanala yomwe imalira bauti ikafika pa nambala yomwe mwatchera. Yomwe magalaja ambiri ali nayo ndi yaikulu, ya theka la inchi, yoyambira cha m'ma 30 kapena 40 N·m. Imeneyo pano siigwira ntchito, ngakhale mutaibweza mpaka pansi. Ikufunika yaing'ono ya kota ya inchi, yoyeza kuyambira 5 kufika 25 N·m.

Pali msampha wina wa manambala. Mabuku ena ndi mapepala obwera m'paketi ya gasiketi amalemba m'miyezo ina: ena mu in-lb, ena mu ft-lb. 10 N·m ndi pafupifupi 89 in-lb, komanso ndi 7 ft-lb n'kakanthu. Munthu akawerenga 89 n'kutchera wrench yake pa 89 ft-lb, wamanga pa 120 N·m. Bauti ya M6 siifika n'komwe kumeneko, imaduka ulendo usanafike pa kota.

Popanda torque wrench, sikelo yopachika ija yoyezera nandolo ndi soya imathandiza. Yezani masentimita 20 kuchokera pakati pa soketi, kolowekani mbedza ya sikelo pamenepo, ndipo kokani mopingasa ndi chogwirira, osati mopendekera, mpaka muvi ufike pa makilogalamu 5. Siyolondola ngati wrench yeniyeni, koma imaposa kutali kuyerekeza ndi dzanja. Sikelo zina za mavenda zimanama, tonse tikudziwa, ndiye muyambe mwaiyesa ndi chigubu cha madzi chija.

Nambala ya 10 ndi ya injini imeneyi. Injini zina zili ndi zake, ndipo zina zimapereka manambala awiri osiyana pa chivundikiro chimodzi. Zivundikiro zapulasitiki ndiye sizikhululuka n'komwe. Funani nambala ya injini yomwe ili patsogolo panu.

Musanafike pomanga

Ntchito zambiri za top cover zimawonongeka gasiketi yatsopano isanatuluke m'paketi.

Injini izizire kaye. Aluminiyamu wotentha ndi wofewerapo ndipo mazinga ake sachedwa kuzuka. Chotsani waya wa negetivi pa batire. Chotsani chipulasitiki cha pamwamba, kenako puputani kapena uzirani fumbi lonse lozungulira chivundikiro musanatsegule kanthu. Magalaja athu ambiri ndi apabwalo, ndipo mphepo ya mu Okutobala ikangodutsa kamodzi mchenga uli kale pa makamshafti. Mukatsegula, vundikirani ndi nsalu yoyera yosathothoka ulusi.

Zulani mapulagi a mawaya a makoilo podina kaloko kake, osakoka waya, chifukwa pulasitiki wa pamenepo amakhala atauma ndi kutentha. Chotsani makoilo anayi, mapaipi awiri opumira injini, ndi timabulaketi togwira mawaya. Mukapeza oilo m'maenje a mapulagi, mupopeni ndi jakisoni ndi kapaipi mapulagi akadali momwemo. Mukayamba n'kumasula pulagi, oilo yense ndi zinyalala zake zigwera mu silinda.

Masulani mabauti pang'onopang'ono kuyambira kunja kulowa pakati. Satalika mofanana onse, ndiye jambulani chivundikiro pa katoni, boolani timabowo, ndipo bauti iliyonse muibaye pamalo pake. Bauti yaitali ikalowa m'bowo lalifupi imagunda pansi n'kulimba, wrench n'kulira, chivundikiro chisanapanikizike n'komwe. Yaifupi ikalowa m'bowo lalitali imagwira mazinga atatu okha n'kuwazula.

Chivundikiro chikakakamira, chimenyeni cham'mbali ndi chikhatho kapena hamala ya labala. Sikuludiraiva isalowe pakati pa chivundikiro ndi hedi. Kachipsera komwe imasiya pa aluminiyamu kamasanduka njira ya oilo mpaka kalekale.

Tsopano kuyeretsa. Gasiketi yakale ichoke yonse m'kangalande, ndi tizidutswa tomwe timatsalira m'makona. Silikoni wakale apalidwe ndi chopalira chapulasitiki, ngakhale khadi yakale ya kubanki imagwira. Sandipepa ndi bulashi yawaya ayi: zimakanda pamalo pokhala labala, ndipo mchenga wake umapita m'mabeyaring'i. Pukutani ndi brake cleaner kapena petulo pang'ono pa nsalu mpaka chala chizimva kuuma.

Mabowo a mabauti ambiri amawaiwala. Ambiri ndi otseka pansi, ndipo pochotsa chivundikiro oilo amagweramo. Bauti ikalowa m'bowo lodzaza oilo imamupanikiza, ndipo oilo saphwa. Wrench imalira msanga, kapena aluminiyamu amang'aluka m'mbali mwa bowo. Umitsani bowo lililonse ndi mpweya kapena kansalu kopota. Mabauti nawo akhale oyera ndi ouma, chifukwa nambala ya m'buku ndi ya mazinga ouma. Bauti yopakidwa oilo kapena girisi imatanuka kwambiri pa 10 N·m yomweyo. Iliyonse yooneka yowonda pakati, kapena yomwe mazinga ake atalikirana, itayeni.

Pomaliza gonekani rula yachitsulo pansi pa chivundikiro, m'litali ndi mopingasa, n'kuyang'ana ngati kuwala kukudutsa. Chomwe chinamangidwapo mwankhanza kale chimaoneka pamenepa.

Silikoni, malo awiri basi

Pa 1NZ-FE silikoni amafunika pa malo awiri okha: pomwe chivundikiro cha tcheni cha timing chimakumana ndi hedi, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamenepo zitsulo ziwiri zalumikizana, ndipo pamakhala kamzere komwe labala sangalowemo. Kadontho kokula ngati njere ya nandolo pamzere uliwonse n'kokwana.

Wofunika ndi silikoni wa injini, wakuda, monga Three Bond 1207B yemwe Toyota imatchula, kapena wofanana naye. Uja wa ku hardware womatira magalasi a mawindo, wonunkha viniga, sapirira oilo wotentha, ndipo mpweya wake umawononga sensa ya oxygen.

Kupaka silikoni kuzungulira gasiketi yonse, komwe ambiri amati n'kusamala, kumabweretsa mavuto awiri. Silikoni wamuwisi ndi woterera, ndiye pomanga labala amatsetsereka n'kutuluka m'kangalande. Wotsala amafinyikira m'kati, amauma ngati tizingwe, tizingweto n'kuduka n'kupita ku sefa ya pampu ya oilo mu sampu, kapena ku kasefa kakang'ono ka VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu. Injini yomwe inabwera ndi kudontha kwa supuni imodzi pa sabata imadzabweranso itayatsa nyali ya oilo.

Nthawi nayo ndi yowerengeka. Buku limati chivundikiro chikhale pamalo pake pasanathe mphindi 3 chipakireni silikoni, ndipo injini isalizidwe kwa maola osachepera 2. Choncho silikoni ndi womaliza: gasiketi ikhale ili kale m'kangalande, mabauti ali pafupi pa katoni, mawaya atakankhidwira kumbali n'kumangidwa kuti asakole.

Pa injini zakale za lamba wa timing, monga 4A-FE ndi 5A-FE za mu Corolla ndi Carina, malo ake ndi ena: m'makona momwe gasiketi imakwera n'kutsika pa chitunda cha kamshafti. Kumenekonso malabala a maenje a mapulagi amabwera padera n'kukhomeredwa m'chivundikiro, ndipo manati a pamwamba ali ndi malabala awo ofunika kusintha limodzi ndi gasiketi.

Kumanga kwake

Lowetsani gasiketi m'kangalande ndi chala, youma, kuyambira m'makona, osaikoka. Mukaikoka imatalika n'kutsala yopindika kumapeto. Tembenuzani chivundikiro n'kuchigwedeza pang'ono: gasiketi yabwino siigwa. Ikagwa kapena ikakhala yolendewera, mwina ndi ya injini ina kapena ndi zija zotchipa zomwe labala wake amauma pakangotha miyezi yochepa. 1NZ-FE inasinthidwapo m'zaka zake, ndiye gasiketi muigule ndi nambala ya chasisi, kapena mupite nayo yakaleyo kukafananiza.

Tsitsani chivundikiro molunjika, osachikhwekhwereza. Musanaike bauti, yendetsani chala kapena kagalasi kuzungulira m'mphepete, makamaka kumbuyo, kumbali ya ekizozi komwe maso safika. Labala azioneka mofanana ponseponse.

Mabauti onse ndi manati alowe ndi zala, mizere itatu kapena inayi, musanamange ngakhale imodzi. Yokana kulowa ndi zala yapingasa mazinga, ibwezeni muyambirenso. Mukamanga imodzi zina zisanalowe, chivundikiro chimakhotera mbali imeneyo ndipo mabowo ena salunjikanso.

Kenako maulendo atatu. Ulendo woyamba gwirani soketi ndi extension yokha, popanda ratchet, mpaka mutu wa bauti ukhudze chivundikiro. Yambani ndi apakati, kenako muzidumpha: kutsogolo, kumbuyo, kumanja, kumanzere, kutuluka pang'onopang'ono mpaka m'makona. Cholinga n'chakuti labala aphwe kuchokera pakati kupita kunja, asasonkhane malo amodzi. Ngati buku la injini yanu lili ndi manambala a ndondomeko, tsatani amenewo.

Ulendo wachiwiri tcherani wrench pa 5 N·m, ndondomeko yomweyo. Wachitatu pa 10. Mukamaliza bwererani kwa apakati aja. Muwapeza atamasukako, chifukwa anzawo akunja atsitsa chivundikiro. Dutsaninso kamodzi onse pa 10 yomweyo mpaka pasakhale yosuntha.

Pa nambala yaing'ono chonchi wrench siilira mokweza. Kamangomveka kuti kha m'dzanja, mutu wake n'kugwedera pang'ono. Pagalaja pomwe wina akugogoda bodi ndipo wailesi ili pamwamba, kaphokosoko simukamva ndi khutu, muzikamvera m'chikhatho. Gwirani pa chogwirira penipeni, kokani mosathamanga, ndipo ikangoti kha siyani. Kudinanso kachiwiri ndi kachitatu "kuti titsimikize" kumawonjezera kumanga. Amene sanaigwirepo ayambe wayeserera pa bauti ina yomangidwa pa vaisi kuti adziwe kamvekedwe kake. Mukamaliza bwezani wrench pa nambala yotsikitsitsa musanaisunge, sipuling'i yake ingatope.

Timabauti ta makoilo ndi 9 N·m, ndipo timalowa m'chivundikiro chomwecho cha aluminiyamu. Timeneti ndiye timazuka mazinga kawirikawiri kuposa ena onse, chifukwa munthu amakhala atatopa ndipo wabwerera ku ratchet.

Ikaduka, kapena mazinga akatha

Chivundikiro chichokenso, palibe kuchitira mwina. Nkhani yabwino ndi yakuti bauti yoduka pomanga siikhala yogwira dzimbiri, ndipo mutu ukachoka chotsalacho sichikokedwanso ndi kanthu. Chikatsala chotulukira, vice grip imachizunguliza. Chikadukira m'kati pang'ono, kaponchi kosongoka ndi hamala yaing'ono, kugogoda m'mphepete mobweza, nthawi zambiri kumachitulutsa. Zikakanika, boolani pakati penipeni ndi kabiti ka mamilimita 3, makamaka kozungulira chakumanzere, komwe kamakonda kutulutsa chidutswacho kakadali kuboola. Tsekani injini yonse ndi nsalu ndipo pakani girisi kuzungulira bowo kuti tizitsulo timatirire pamenepo.

Ndi extractor yaing'ono, kachitsulo kozulira bauti yoduka, samalani. Ndi yolimba koma yosachedwa kuthyoka, ndipo ikathyokera m'katimo palibe biti wamba yomwe ingaiboole.

Mazinga akazuka, bauti imangozungulira osagwira, ndipo poitulutsa imabwera ndi kasipuling'i ka aluminiyamu. Mankhwala ake ndi helicoil ya M6×1.0, kawaya kopota kolowa m'malo mwa mazinga ozukawo: kuboola ndi biti ya 6.3, kudula mazinga ndi tap ya mu kitiyo, n'kulowetsa kawayako. Yezani kuya kwa bowo ndipo mumange tepi pa biti, chifukwa kunsi kwake kungakhale njira ya oilo kapena ya madzi. Kukulunga thread tape, kulowetsa kawaya m'bowo kapena kukakamiza bauti ya M8 kumagwira masiku ochepa, ndipo M8 ikhoza kung'amba khutu la hedi lomwe ndi lopyapyala kale.

Zomwe zinali pansi pa chivundikiro cha Sienta

Atachitukula, nkhani yonse inaonekera. Kumbuyo, pakona, gasiketi inali itatuluka m'kangalande tsiku lomwe inaikidwa, ndipo chivundikiro chinali chitaidula ngati lumo. Oilo ankadutsa pamenepo n'kugwera pa manifodi ya ekizozi, n'chifukwa chake fungo linkalowa m'galimoto. Silikoni wofiira anali atapakidwa kuzungulira konse, pamwamba pa wakale wosapalidwa. Kumanga kwa ulendo wachiwiri kunangomaliza kudula labala uja.

Panalinso china. Valavu ya PCV, yotulutsa mpweya wa m'kati mwa injini, yomwe imakhala pa chivundikiro pomwepo, inali itatsekeka ndi phala la oilo wokhalitsa. Yabwino mukaigwedeza imalira ngati muli kamwala, iyi inali chete. Ikatsekeka, mpweya wodutsa m'mbali mwa mapisitoni umasowa kotulukira n'kumakankha oilo pa gasiketi ndi ma seal onse. Ndiye poika gasiketi yatsopano, valavuyi itsukidwe kapena isinthidwe, ndi mapaipi ake aonedwe ngati sanatsekeke kapena kusweka.

Ndipo musanaimbe mlandu top cover, tsukani injini, iyende pang'ono, mufufuze malo okwera kwambiri omwe anyowa. Oilo amatsika, sakwera. Labala wa chitsekerero chothirira oilo, O-ring ya valavu ya VVT-i, ndi msoko wa chivundikiro cha tcheni, zonsezi zimanyowetsa malo omwewo n'kunamizira gasiketi.

Chidutswa cha bauti chinatuluka ndi kaponchi. Gasiketi ina inagulidwa mawa lake, ndi mawashala awiri atsopano. Madala aja anakabwereka torque wrench yaing'ono kwa mnzawo wokonza njinga zamoto, n'kumupatsa mnyamata yemwe uja kuti amange yekha, iwo ataima pambali. Atafika ulendo wachitatu, wrench inati kha mnyamatayo asanayambe n'komwe kulimbitsa mkono. Anayang'ana madala.

"Basi, pita inayo."

Dalaivala anali akuonerera, makiyi ali m'manja.

"Madala, mwamanga pamenepo? Ngati mukuseweratu."

"Yamangika. Koma musalize. Silikoni aume kaye, mubwere 2 koloko."